Anaitana Mmodzi, Ine Ndinabereka Awiri

Mano ndinawaona tsiku losambitsa ana. Linali Loweruka m'mawa, nyengo yozizira, nkhungu isanachoke paphiri, ndipo ndinali nditatenthetsa madzi kuseri kwa nyumba kumene dzuwa limayambira kufika. Nditamuvula juzi wamng'ono, ndinaona pamkono, pamwamba pa chigongono, timabala tozungulira ngati wina wadindapo ndi chitsekerero cha botolo. Ndinawerenga. Tinayi pamwamba, tinayi pansi. Galu saluma mwadongosolo choncho. Khoswe ayi. Ndinatembenuka kuyang'ana wamkulu, amene anali atakhala panjerwa kudikira kuti asambe, koma iye sanandiyang'ane, maso ali pathovu basi.

"Wakuluma ndani?" ndinafunsa wamng'onoyo.

Mwana ameneyu chibadwire sayankha msanga.

"Iwe, wamuluma mnzako ndani?"

"Tambala," anatero wamkulu.

Tsiku lina ndikanaseka. Tsiku limenelo sindinaseke, chifukwa ndinkadziwa kuti tambalayo ndamuweta ndine.

Ana angawa ndi atsikana, mapasa, ndipo nthawi imeneyo anali ndi zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Nkhope ndi imodzi, moti ngakhale bambo awo amaitana uyu akutanthauza uyo. Koma mitima ayi. Wamkulu anatsogola kutuluka akulira ngati wina wamuponda, wamng'ono anatsatira ali chete mpaka anamwino anachita kumumenya kuphazi. Zinapitirira choncho. Wamkulu kuthamangira njinga yamoto, kugwira mchira wa ng'ombe, mlendo akafika iye ali kale pamwendo akumupisa m'thumba. Wamng'ono mbale ikangogwa pansi walowa kale m'chitenje changa, ndipo ndikamubereka ndinkamva kamtima kake kakugunda pamsana panga ngati kankhuku kogwidwa m'manja. Sankalola munthu wina aliyense. Azakhali ake, ayi. Agogo ake, ayi. Ine ndekha. Ndinkadandaula pagulu kuti mwanayu akunditopetsa, koma kunena zoona zinkandikoma.

Kwathu kuno mapasa sitiwasiyanitsa. Ukagula diresi ugule awiri, nsalu imodzi. Chimanga chootcha uthyole pakati penipeni onse akuona. Ukamenya mmodzi, winayo umukhudzeko ndi kamtengo ngakhale sanalakwe. Amati mapasa ndi ansanje, ndipo amene waona kuti akumanidwa amanyanyala, amasiya kudya, amadwala, mwina mpaka kubwerera kumene anachokera. Ine ndimapita kutchalitchi, ndimaimba kwaya, koma zimenezi sindinkaseweretsa. Zaka zitatu ndinazisunga, ngakhale nyemba m'mbale ndinkachita kuziyang'ana kawiri.

Ndiye kunabwera anthu a kafukufuku.

Analengeza Lamulungu mapemphero atatha, kuti kwabwera anthu a kusukulu ya ukachenjede, akufuna amayi onse a mapasa a kuno ku Lobi apite ndi ana kuholo ya tchalitchi. Akulu anga, amene nyumba yawo yayang'anizana ndi yanga, anandigunda ndi chigongono tili pabenchi.

"Pita iwe. Mwina alendo akakuuza chifukwa chake winayu amaopa ngakhale mthunzi wake."

"Nanga akatipopa magazi?"

"Magazi ake ati? Iwe uli ndi magazi oti munthu angawotchere mafuta kuchokera ku Lilongwe?"

Ndinapita. Ndinawaveka madiresi awo obiriwira, ndinawapaka mafuta, mmodzi kumsana wina padzanja. Titalowa muholomo ndinaona tebulo, kompyuta, timawaya, ndi mayi wamagalasi atawerama akulemba. Atadzutsa mutu, ndinamuzindikira pomwepo.

Tinkakhala desiki limodzi, kuyambira Sitandade 4 mpaka 6. Anali mwana wa aphunzitsi, ankakhala m'nyumba ya malata kuseri kwa sukulu. Masamu ndinkamuposa ndine. Ndikunena zoona, ndinkamuposa, ankasuzumira m'kope langa mpaka khosi kupweteka. Ine ndinalekezera Sitandade 7 amayi atadwala, kunalibe wopalira nyemba. Iye anapitirira. Tsopano ndi uyu, nsapato zoyera zopanda fumbi, zala zosalala, khadi lolendewera pakhosi.

"Iwe! Ndiwe? Mapasawa ndi ako?"

Anandikumbatira. Ankanunkhira mafuta a m'botolo, ndipo pomwepo ndinamva fungo la utsi pa juzi yanga, limene m'mawa wonse sindinalimve.

"Ndi anga, madamu."

"Madamu ndani? Ukufuna ndiuze anthu onsewa kuti unkandidyera zigumu pa buleki?"

"Inu munkandidyera masamu."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Inenso ndinaseka, koma ndi mano okha.

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino, sindinganame kuti anandibisa kanthu. Anati akufuna kudziwa chifukwa chake ana amasiyana, wina wamantha, wina wolimba mtima. Ena amati ndi chibadwa, ena amati ndi kaleredwe. Iwo akufuna aone ngati zimene mwana akumva mumtima mwake zimaonekanso m'thupi: mtima ukugunda bwanji akadzidzimuka, thukuta likutuluka bwanji, m'malovu mukusintha chiyani. Magazi satenga. Ndipo tsiku limene ndafuna kusiya, ndisiye, palibe wondifunsa.

"Mapasa amatithandiza kwambiri," anatero. "Mimba imodzi, bere limodzi, phala limodzi. Koma taona."

Ndinaona. Wamkulu anali atafika kale pansi pa tebulo akukoka waya, wamng'ono atakwirira nkhope m'khosi mwanga. Pakamwa panga panabwera funso lakuti, nanga ife awiri, desiki limodzi, mphunzitsi mmodzi, choko chimodzi, makina anuwo anganene kuti tinasiyana pati? Ndinalimeza. Ndinasaina.

Anayamba ndi wamkulu. Anamumata timapepala titatu tozungulira pachifuwa, timawaya tikupita ku kompyuta, ndipo pagalasi panayamba kuyenda mzere wokwera ndi kutsika. Anati umenewo ndi mtima wake. Kenako munalowa bambo wachilendo wovala chipewa, anaima osalankhula, n'kutsegula ambulera yakuda mwadzidzidzi, phwaa! Ine ndemwe ndinalumpha. Wamkulu anaseka, n'kunena kuti, "Ndipatseni." Mzere uja unangogwedezeka pang'ono ngati munthu wapunthwa pakamwala, basi n'kupitiriza ulendo.

Wamng'ono sanalire. Ambulera itatseguka anangouma, maso ali tong'o, manja ali pamaondo. Koma mzere wake, mayo ine, unathithikana, ukukwera ukutsika mothamanga ngati mano a sowo. Ndinamasula chitenje kuti ndimunyamule. Mnzanga uja anakweza dzanja kuti ndidikire kaye. Anagwada pansi chapatali, osamuyang'ana mwanayo, n'kuyamba kugubuduza kabotolo pasimenti, uku akung'ung'udza kanyimbo pansipansi. Sanamuitane. Sanamukoke. Anangodikira. Ndipo mwana wanga, amene sanalolepo ngakhale agogo ake, anatsika pampando, timawaya tikumutsatira, n'kukakhala pamiyendo pa munthu amene anamuona tsiku lomwelo.

Mzere uja unatsika ine ndikuona. Unatsika pang'onopang'ono mpaka unayamba kuyenda bwino. Ine nditaima pamenepo, chitenje chili m'manja.

"Waona?" anatero. "Mwana wotere sumukoka. Umamudikira."

Zaka zitatu ali pamsana panga, msana kupweteka, kulima naye, kutunga naye madzi, ndiye lero ndiuzidwe mmene amagwiridwira ndi munthu woti sanamuchapirepo thewera ndi limodzi lomwe. Ndinati, "Zikomo, madamu." Anawaika kathonje m'kamwa kuti atenge malovu, anawapatsa bisiketi aliyense yake, chibaluni aliyense chake. Tsiku limenelo zonse zinali ziwiriziwiri, ndipo ndinabwerera kunyumba ndilibe chodandaula choti ndingauze munthu.

Patatha masabata awiri foni inalira ndili kumunda kukumba kachewere. Anali mnzanga uja. Anati akufuna wamng'ono yekha. Mwa ana onse amene anawayeza, iye mtima wake unathamanga kwambiri, ndipo malovu akenso anasonyeza zomwezo, ndiye akufuna amuonenso ndi makina ena aakulu amene anawaika ku Linthipe, kumene kuli magetsi. Galimoto idzatitenga pakhomo.

"Mapasa sasiyana," ndinatero. "Mwaiwala za kwanu?"

"Sindinaiwale. Koma wamkuluyo akakhalapo, wamng'ono amabisala kumbuyo kwake, ndiye ife sitimuona iye mwini. Ndi maola ochepa chabe. Iwe, mwana wakoyu ndi wapadera, ukudziwa?"

Wapadera. Mawu amenewo anandilowa ngati tiyi wotentha m'mawa wa chisanu. Ndiyenera kunena zoona pano, chifukwa ndikapanda kunena palibe chimene ndalemba. Sanandikakamize. Ndinavomera chifukwa kwa nthawi yoyamba chinthu chimene iye ankachifuna, ndi magalasi ake, ndi kompyuta yake, chinali m'nyumba mwanga, ndipo popanda ine sakanachipeza. Ndinavomeranso chifukwa ndinkafuna ambulera ija itsegukenso, mwana athamangire kwa ine iye akuona, mzere utsikire pamiyendo panga.

Bambo a ana anali akusankha mbatata zoti akagulitse kumsewu. Anaimitsa manja.

"Make mapasa, mmodzi yekha? Mwaganiza bwino?"

"Ndi tsiku limodzi."

"Ana ndi a kwanu kuno, ine ndine mkamwini. Koma ndanena."

Akulu anga sanachite kuzungulira. "Yakukoka ndi galimoto yoyera iwe. Ukufuna anthu akuone uli pawindo."

"Si ndinu munati ndipite?"

"Ndinati upite ndi awiri."

Komabe anandithandiza. M'mawa wa tsikulo anamutenga wamkulu n'kumuuza kuti, "Tiye kudimba ukaone achule." Anapita akudumphadumpha. Chimene sitinaganize n'chakuti dimba lathu lili m'munsi, ndipo msewu umakwera phiri moonekera. Akulu anga anandiuza pambuyo pake kuti mwanayo anaima pamzere wa kabichi, n'kuyang'ana galimoto mpaka inabisika, osalira, osafunsa. Iwo anati ndi mwana wolimba. Inenso ndinati ndi mwana wolimba.

Silinakhalenso tsiku limodzi: tinapita kawiri, sabata imeneyo ndi yotsatira. Ku Linthipe kunali chipinda cha makatani, ndi kachipewa ka timawaya komuveka kumutu. Ambulera sinatseguke. Ankamuonetsa zithunzi, ankamuimbira kabelu, ndipo ine anandikhazika pakona kuti ndisamusokoneze. Pakona! Ndinkaona zonse. Ndinaona mnzanga akumukonza kolala ya diresi. Ndinaona mwana wanga akumugwira khadi lija la pakhosi, akuliseweretsa, n'kuseka mokweza, kuseka kumene kunyumba timakumva mwina kamodzi pamwezi. M'galimoto pobwerera mwana anagona, mutu uli pamkono pa mnzangayo, ine ndili pambali ndanyamula thumba la matewera akale limene ndimaikamo zovala, ndikuyang'ana zala zake ndi zanga.

Pofika kunyumba ndinkabwera ndi mandasi awiri ofanana, ndinkati ndakonza. Wamkulu ankalandira. Koma ulendo wachiwiri, ndikumuvula wamng'ono diresi, pachifuwa pake panali patatsala zizindikiro zitatu zozungulira pamene panamatidwa timapepala tija, fumbi litakakamira m'mbali mwake. Wamkulu anayandikira, anazikhudza ndi chala, kenako anakweza diresi lake n'kudziyang'ana.

"Amama, zanga zili kuti?"

"Zako zinafufutika."

Ndinayankha ndisakumuyang'ana, chifukwa nthawi yomweyo wamng'ono, amene mawu ake timachita kuwapempha, anali atandikoka n'kufunsa kuti, "Anti abwera liti?" Anafunsa tsiku limenelo, anafunsa mawa lake, ankati akamva galimoto kumsewu n'kutuluka yekha pakhonde, mwana woti kale galimoto ankaithawa. Mutu wanga wonse unali pamenepo. Ndinkasinja ndikukangana ndi mnzangayo mumtima, ndikumuuza mawu amene pamaso sindikanamuuza. Ndinkawerengera kuti lero mwana wanena "anti" kangati, wanena "amama" kangati. Ine amene ndimadzitama kuti maso anga sachoka pa ana, masiku amenewo ndinkayang'ana mwana mmodzi, ndipo ngakhale iyeyo sindinkamuyang'ana chifukwa cha iye.

Ndiye pamene ndinapeza mano aja Loweruka lija.

Nditawapeza ndinayamba kuona zina zimene zinalipo kale. Wamkulu ankasiya phala m'mbale, iye amene kale ankanyambita ndi ya mnzake yomwe. Anayambanso kukodzera pamphasa, chinthu chimene anasiya kalekale. Njinga yamoto inadutsa, iye osadzuka. Ndinapeza pantchafu pa wamng'ono potsinidwa pawiri. Sindinauze akulu anga, ndinkaopa pakamwa pawo. Sindinauze bambo a ana, anali atanena kale. Ndinamuveka wamng'ono juzi ya manja aatali, n'kudziuza kuti watsala ulendo umodzi wokha, Lachinayi, ukatha basi zonse zibwerera m'malo.

Lachitatu masana tinapita kudimba atatu. Kudimba kwathu kuli chitsime chokumba tokha, chopanda mpanda, madzi ake ine amandifika pachifuwa, ndipo m'mphepete mwake ndi dothi lakuda loterera. Ana amadziwa kuti kumeneko sikufikidwa. Ndinawakhazika pansi pa nthochi ndi nzimbe ziwiri zofanana, ine n'kuyamba kuthirira kabichi. Ndinkamva akulankhula. Ndinamva wamkulu akunena ndi mawu okoma, ofanana ndendende ndi a akulu anga, kuti, "Tiye ukaone achule." Ndinamva, koma mutu unali ku Linthipe, ndikuganiza chimene ndivale mawa kuti ndisaoneke ngati wantchito wake.

Chimene chinandidzutsa ndi kuti kunali zii.

Nditatembenuka anali pamphepete penipeni, wamng'ono patsogolo atawerama, wamkulu kumbuyo, manja onse awiri ali pamsana pa mnzake. Mpaka lero sindidziwa ngati anakankha kapena dothi linaterera. Ndafunsa mutu wanga kambirimbiri, sundiyankha. Ndinangomva phuvu! Kheni yothirira ndinaitaya kaya kuti, ndinaponda kabichi, ndinagwa, ndinadzuka, ndinalumphira m'madzi ndi zovala, madzi ozizira ngati akuluma, ndinagwira juzi, juzi inavuka, ndinagwira mwendo, ndinamutulutsa chadodolido akutsokomola matope. Anapuma. Analira. Kulira kumene kuja ndinakuthokoza ngati nyimbo.

Wamkulu anali ataima pomwe paja.

"Wachita chiyani iwe? Wachita chiyani?"

"Asambe," anatero. "Zichoke zozungulira."

Mwana wa zaka zitatu sadziwa imfa. Iye ankangofuna zifufutike, monga ndinamuuza kuti zake zinafufutika. Ndinakweza dzanja. Koma ndikamenya uyu ndiye kuti ndikhudzenso uyo, amene akunjenjemera m'manja mwanga milomo itachita bii. Dzanja linakhala m'mwamba. Ndinamuyang'ana nkhope: mlomo wapansi waulowetsa m'kati, maso ouma, khosi lawuma gwa. Nkhope imeneyo sindinaionepo pagalasi, koma ndinaidziwa, chifukwa ndi mmene yanga inkamvekera m'kati ndili pakona ku Linthipe.

Ndinawanyamula onse awiri, wina kumsana wina kutsogolo, mpaka kunyumba, kukwera phiri lonse lija osapuma. Akulu anga atationa tili chonyowa anatsegula pakamwa, kenako anatseka, n'kupita kukasonkha moto. Sananene kanthu, ndipo zinandipweteka kuposa akanandinyoza.

Lachinayi galimoto inabwera. Ndinatuluka ndi onse awiri, madiresi obiriwira aja.

"Mayi, andiuza kuti mwana mmodzi," anatero adalaivala.

"Ine ndinabereka awiri, bambo. Mukapanda kutitenga tonse, bwererani nokha."

Anayang'ana kumwamba, n'kutsegula chitseko.

Mnzanga atationa atatu anayamba kumwetulira, koma ataona nkhope yanga anasiya. Ndinamuvula wamng'ono juzi n'kumuonetsa mkono. Ndinamuuza za phala, za mphasa, za chitsime, zonse, mawu akuthamangitsana, sindikudziwa ngati ankamva bwino. Anavula magalasi n'kuwagwira m'manja.

"Bwanji sunandiuze tsiku limene unaona mano?"

"Mukanangolemba papepala."

"Iwe, ukundiona choncho?"

Ndinati, "Mumumate wamkuluyu timapepala tija. Ngakhale makina musayatse. Angokhala nazo zozungulira."

Anati papepala la tsikulo palibe dzina la wamkulu. Kenako anang'amba kapaketi, n'kugwada, n'kumumata, ndipo makina anayatsa. Wamkulu anakhala pampando chifuwa chili patsogolo ngati msilikali, akugwedeza miyendo. Mzere wake unkayenda mwaulemu, phee, monga tsiku loyamba lija.

Wamng'ono anali ndi chifuwa chifukwa cha madzi a dzulo lake. Anatsokomola, n'kubwera kudzakwera pamiyendo panga. Kwa ine, osati kwa anti ake, ndipo ndinaona kuti ndaziona. Ndinamufunditsa chitenje, ndinamupsompsona pamutu osaganiza kanthu. Ndiye ndinamva mnzanga akunena motsitsa mawu kuti, "Taona."

Mzere wa wamkulu unali utayamba kuthamanga. Unathithikana, ukukwera ukutsika, kuposa mmene unachitira wa mng'ono wake tsiku la ambulera. Ndinayang'ana mwanayo. Nkhope yake sinasinthe. Miyendo ikugwedezekabe. Amene akanalowa nthawi imeneyo akanati mwana uyu ndi wosangalala kuposa onse. Maso okha ndi amene anali pachitenje changa.

Ndinamutsitsa wamng'ono, n'kutambasula manja. "Bwera kuno, mayi wanga." Sanabwere msanga. Ndinafuna kumukoka, koma ndinadikira, ndipo zinandiwawa kuti ndikudikira chifukwa ndinaphunzira kwa mnzangayo. Anabwera, timawaya tikukokeka. Thupi lake linali lolimba ngati chitsa, kenako linafewa.

"Ife timayeza mantha," anatero mnzanga, maso ali pagalasi. "Ambulera, mlendo, belu. Uyu tinamulemba kuti sadzidzimuka. Izi sitinaziike n'komwe papepala."

"Kwathu timazidziwa popanda waya."

"Ndiye unavomereranji?"

"Chifukwa unati wapadera."

Aka kanali koyamba kumulankhula ngati mnzanga wa padesiki. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinadikira kuti mwina anena kuti nayenso amasirira china chake kwa ine, kaya ana, kaya banja, kaya chiyani, kanthu kakang'ono koti ndinyamule popita kunyumba. Sananene. Anangoti, "Pepa. Ndikanaganiza za winayu." Ndipo ngakhale kupepesa kwakeko kunali kwaulemu, kosalala, koti sungakupezere polakwa.

Ndinamuuza kuti awachotse onse awiri m'kaundula wawo. Anayesa kundinyengerera. Anati zimene taonazi ndi zofunika, akuluakulu ake akazimva adzafuna kuyeza mapasa ali limodzi, mwina zidzathandiza amayi ena, ndibwere ulendo umodzi wokha ndi onse awiri. Mwina ankanena zoona. Ine ndinkangoona manja awiri aja ali pamsana. Ndinati ayi. Anatulutsa pepala, ndinasaina dzina langa lonse, pang'onopang'ono, kuti aone kuti zilembo zanga zikadali zowongoka.

Potuluka wamng'ono analira, akutambasulira manja kwa anti ake. Ndinamunyamula mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira. Ndadzifunsa ngati ndinawachotsa chifukwa cha chitsime kapena chifukwa cha kulira kumeneko. Ndikuganiza kuti zonse ziwiri, ndipo sindingathe kuzilekanitsa, koma chitsime chokha chinali chokwanira.

Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ndinawauza bambo a ana zonse. Sanati, "Ndinanena." Anatenga nkhwangwa, ine chikwanje, tinadula mitengo ya bulugama isanu ndi umodzi n'kuiyala pamwamba pa chitsime, n'kuikhomera ndi zikhomo, kusiya kampata kongolowa kheni, ndipo pakampatapo tinaikapo mwala woti ine ndemwe ndimachita kuukankha ndi manja awiri. Pamphasa ndinayamba kugona pakati pawo. Kudimba ndinasiya kupita nawo onse awiri ndili ndekha.

Koma ndinkadziwa kuti mitengo yatseka chitsime chokha. Tsiku la msika ndinamuveka wamkulu diresi lake, ndinamupaka mafuta, n'kumutengera wamng'ono kwa akulu anga.

"Uyu atsala," ndinatero.

"Wayambanso? Sunakhaule?"

"Uyu anapita yekha. Winayu sanapitepo yekha."

Akulu anga anandiyang'ana, n'kumulandira mwanayo. "Bwera kuno iwe wamantha, amako apenga."

Sindinamunamize wamng'ono, sindinamutumize kwina kulikonse. Ndinamuuza kuti lero ndi tsiku la mnzake, ndipo tibwera dzuwa likapendeka. Analira, kulira kwenikweni, ndinakumva mpaka pamsewu. Sindinatembenuke. Tinakwera galimoto ya matola pamodzi ndi matumba a nyemba, ndinapempha bambo wina kuti atisinthire malo kuti mwana akhale kumphepete aziona. Anagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, dzanja lina wagwira chala changa, sanachisiye.

Titapitirira chigayo anandiyang'ana.

"Uja sabwera?"

"Ayi. Lero ndi iwe ndi ine."

Kenako anayamba kundiuza mayina a zinthu zonse zimene tinkadutsa, mbuzi, njinga, mpira, amayi osenza nkhuni, ngati ine ndine mlendo m'dziko muno. Ku Linthipe sitinachite chachilendo. Tinayenda mumsika, anagwira tomato wa eni ake, anakangana ndi wogulitsa nsapato, anadya chipisi mpaka kunyambita pepala. Pobwerera anagona, mutu uli pamkono panga.

Sabata yotsatira ndinamutenganso yekha, pakuti mnzake anapita kawiri.